Mmene awiri osadziwana amamvanirana mu gule wa Lindy Hop

Munthu akaona koyamba anthu awiri akuvina Lindy Hop, amafunsa kuti kodi anayeserera liti. Mwamuna wabwerera m'mbuyo, mkazi wamudutsa pambali ngati kamvuluvulu, wapita kutali mpaka mikono yawo yatambasuka, wabwereranso, wazungulira kawiri pansi pa dzanja, kenako onse aima nji pomwe lipenga laimira. Nyimbo ikatha mukawafunse, mupeza kuti ndi maina omwe sadziwana. Wina ndi wa ku Seoul, mnzake wa ku Stockholm, ndipo akumana mphindi zitatu zapitazo. Palibe amene ananong'oneza mnzake kuti tsopano zungulira.

Chinsinsi chake chili pa ntchito ziwiri zomwe eni gule amazitcha lead ndi follow, ife tingoti wotsogolera ndi wotsatira. Mainawa amasokeretsa. Ukawamva umaganiza za mbusa ndi mbuzi zake, wina ali ndi chikwapu, wina akungopita kumene akumuthamangitsira. Ophunzira ambiri amalowa m'kalasi ndi maganizo amenewo, ndipo chaka chawo choyamba chimathera pa kuwachotsa.

Tiyambe ndi kumene guleyu anachokera, chifukwa vuto lenileni linabadwira komweko. Lindy Hop ndi gule wa anthu akuda a ku Harlem, mumzinda wa New York, ndipo anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kwawo kwenikweni kunali ku Savoy Ballroom, holo yomwe inatsegulidwa mu 1926 pa msewu wa Lenox Avenue, yotalika kuchokera pa 140th Street kukafika pa 141st Street. Munali nsanja ziwiri za oimba, moti bandi ina ikamapuma inzake inkayamba, nyimbo osaduka. Inalinso pakati pa malo ochepa ku America kumene akuda ndi azungu ankavina m'bwalo limodzi pa nthawi ya tsankho ija. Za dzina la guleyu, anthu amasimba kuti George Snowden, yemwe ankadziwika kuti Shorty George, ndiye analitchula mu 1928 potengera Charles Lindbergh, amene chaka chapitacho anali atawoloka nyanja ya Atlantic yekha pa ndege kuchokera ku New York kukatera ku Paris.

Magule a awiriawiri ochokera ku Ulaya, monga waltz, ovina amakhala atagwirana kuyambira poyamba mpaka pothera. Achinyamata a ku Harlem anayamba kuchita china chomwe ankachitcha breakaway: wotsogolera ankachotsa dzanja lamanja kumsana kwa mnzake, awiriwo n'kutalikirana, kutsala ogwirana dzanja limodzi lokha. Mpata umene unatseguka pakati pawowo ndi umene unasintha zonse. Aliyense anapeza danga lodula sitepe yake mmene akuimvera ng'oma. Koma mpata womwewo unabweretsa funso: ngati tagwirana ndi zala zokha, nyimbo ikuthamanga, ndidziwa bwanji kumene ukufuna kuti tipite?

Yankho limene aliyense amathamangira ndi lakuti dzanja likoka, dzanja likankha. Inenso ndinayamba choncho. M'kalasi yanga yoyamba, mu holo ya tchalitchi ina ku London, tinkasinthana anzathu ovina nawo mphindi ziwiri zilizonse. Nditafika kwa mayi wina wachikulire, watsitsi la imvi, ndinamukoka ndi mkono kuti abwere kwa ine. Sanasunthe. Ndinakokanso mwamphamvu. Anandiyang'ana mwachifundo n'kundiuza kuti iye si chitseko chokanika kutseguka, ndipo ngati ndikufuna kuti abwere, ndiyambe ndanyamuka ineyo. Ndinachita manyazi, koma nditabwerera m'mbuyo ndi thupi lonse, dzanja osalipatsa ntchito ina iliyonse, mayiyo anabwera mopepuka ngati ndakoka nsalu.

Zimene zinachitika apo ndi izi. Uthenga suchokera m'dzanja, umachokera pakati pa thupi, pamimba ndi m'chiuno, pamene pali kulemera kwa munthu. Dzanja ndi chingwe chongodutsitsa uthengawo. Kuti chingwecho chigwire ntchito, mkono uyenera kukhala wolumikizana ndi msana: chigongono chopindika pang'ono, chili kutsogolo kwa nthiti, phewa lili pansi osati m'makutu. Kaimidwe kameneka amakatcha frame. Mkono ukakhala lende ngati chingwe chonyowa, wotsogolera amasuntha koma mnzake samva kanthu. Ukauma gwa ngati mtengo, uthenga uliwonse umafika mogwedeza, ndipo pakutha pa usiku mapewa amakhala akuwawa. Chofunika chili pakatikati, ndipo palibe angakuuzeni ndi pakamwa kuti ndi pati. Thupi limapeza lokha mukavina ndi anthu ambiri.

Mutha kuyesa pakhomo pompano. Imani moyang'anizana ndi mnzanu, mugwirane dzanja limodzi, zala zopindika ngati mbedza, osafinya ndi chala chachikulu. Mnzanuyo atsinzine. Sunthani kulemera kwanu kuchoka pa phazi lamanzere kupita pa lamanja, pang'onopang'ono, dzanja osaligwedeza. Ngati mikono yanu nonse ili bwino, mnzanuyo adzapezeka wasintha phazi nayenso asakudziwa chifukwa chake. Kutsogolera konse kumamangidwa pa kanthu kakang'ono kameneka: kudziwa phazi limene mnzako waimapo. Munthu sangaponde ndi phazi limene lanyamula kale thupi lake. Wotsogolera amene sadziwa zimenezi amapempha zosatheka, kenako n'kumadabwa kuti mnzake wapunthwa bwanji.

Pamwamba pa izi pali kugwedera kwa mawondo. Ovina onse awiri amanjanja pang'ono motsatira kugunda kwa nyimbo, kulowa pansi osati kudumphira m'mwamba, mawondo opindika, thupi lowerama pang'ono kutsogolo. Amene anakulira pa bwalo la chimtali kapena beni sangadabwe nako kaimidwe kameneka, ndipo si mwangozi: ndi kaimidwe ka magule a ku Africa kamene mbadwa za akapolo ku America zinasunga. Frankie Manning, katswiri wa ku Savoy amene anabadwa mu 1914, ndiye ankadziwika ndi kuwerama kwambiri, ngati munthu wothamanga. Kugwederaku kuli ndi ntchito yake. Ndi wotchi imene awiriwo amagawana. Kukagwirizana, uthenga wina uliwonse umafika pa nthawi yake. Kukasiyana, ngakhale mutadziwa masitepe zana, mukhala ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi amene misi yawo ikuwombana.

Tsopano tione swingout, sitepe yomwe ndi msana wa Lindy Hop. Imatenga kugunda 8. Awiriwo amayamba atatalikirana, dzanja lamanzere la wotsogolera litagwira lamanja la wotsatira. Pa 1 ndi 2 wotsogolera amaponda kumbuyo ndi phazi lamanzere n'kubwezera kulemera pa lamanja. Kubwerera m'mbuyo kumeneko kumakoka mikono ngati mphira wa legeni, ndipo wotsatira, yemwe amayamba ndi phazi lamanja, amanyamuka kubwera kutsogolo. Pa 3 ndi 4 onse amaponda katatu m'kugunda kuwiri, zomwe amazitcha triple step. Wotsogolera amapatuka pa njira, amatembenuka, n'kulandira mnzake ndi dzanja lamanja kumsana, mmunsi pang'ono mwa phewa. Pofika pa 4 akuyang'anizana, atasinthana mbali, ndipo thupi la wotsatira likufunabe kupitirira kumene limalowera. Msana wake umadzaza m'dzanja la mnzake, mphira uja n'kukokekanso. Pa 5 wotsogolera amatsegula njira potembenuza thupi lake, mphira umabweza, wotsatira amabwerera kumene anachokera, ndipo dzanja la kumsana limamasula. Pa 7 ndi 8 aponda katatu kachiwiri atatalikirana, mikono ikuyamba kukokeka kukonzekera ulendo wina.

Taonani kuti mu zonsezi wotsogolera wachita zinthu zochepa kwambiri. Wayambitsa ulendo pa 1, waubweza pa 4 ndi 5. Kwina konseko wotsatira wayenda yekha, ndi miyendo yake. Palibe amene wamunyamula. Lamulo limene wotsatira amagwiritsa ntchito ndi lakuti akapatsidwa njira ndi liwiro, amapitiriza mpaka china chimuimitse kapena chimutembenuze. Akaima yekha pakati pa njira chifukwa akuganiza kuti sitepe yatha, mphira umafa, ndipo wotsogolera amakakamizika kumukoka ndi mkono. Anthu ambiri odandaula kuti mnzawo ndi wolemera sakunena za makilogalamu. Ndinavinapo ndi anthu athupi amene amapepuka ngati nthenga, ndi ena ochepa thupi amene umachita kutuluka nawo thukuta.

Liwiro la nyimbo ndi limene limaonetsa chifukwa chake mutu sungagwire ntchito imeneyi. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi, swingout yonse imatenga masekondi 4. Ikafika pa 180, kugunda kumodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo sitepe yonse yatha masekondi 3 asanakwane. Bandi ya Chick Webb, woimba ng'oma amene ankalamulira ku Savoy m'zaka za m'ma 1930, inkatha kupitirira pamenepo. Pa liwiro lotere mulibe nthawi yoti muone chizindikiro, muchimasulire, musankhe chochita. Thupi liyenera kuyankha lokha, monga limachitira mukakwera kabaza wanjinga n'kukhota: simuganiza zopendekeka, mumangopendekeka.

Ntchito ya wotsatira ndi imene anthu amaipeputsa, ndipo kwa ine ndi yovuta kuposa inzake. Chovuta chake ndi kusadziwa dala. Munthu amene wavina miyezi ingapo amayamba kuzindikira masitepe akamayamba. Dzanja likangokwera, mumtima amati ndadziwa, uku n'kuzungulira, ndiye amazungulira yekha asanapemphedwe. Ovina amazitcha backleading, kutsogolera mobisa uli pa mpando wa wotsatira. Kasanu ndi kanayi mwa khumi mwina alondola. Kachikhumi wotsogolera anali ndi maganizo ena, ndipo awiriwo amawombana. Choipa kwambiri n'chakuti wotsogolera amene akuphunzira sadziwa kuti uthenga wake sukumveka, chifukwa mnzake akumukonzera zolakwa. Ndiye wotsatira wabwino amachedwa pang'ono mwadala, kachigawo ka kugunda kumodzi, kudikira kuti amve ndi thupi osati kulosera ndi mutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha nyimbo ikuthamanga ka 200 pa mphindi si masewera.

Koma kudikira si kukhala chete. Apa m'pamene mawu oti wotsatira amaperewera, ndipo Chichewa chili ndi mawu abwino kuposa Chingerezi. Pa nyimbo zathu pamakhala woyambitsa ndi ovomera. Wovomera sayambitsa nyimbo, koma palibe anganene kuti sakuimba. Amatha kuikometsera, kuikokera, kuipatsa moto mpaka woyambitsa uja n'kusintha mmene amafunira kuimbira. Wotsatira mu Lindy Hop ndi wovomera. Pa 7, 8, 1 ndi 2 pa swingout, pamene awiriwo atalikirana, miyendo ndi chiuno n'zake. Ambiri amapotokola chiuno uku ndi uku pa 1 ndi 2, zomwe amazitcha swivels, ndipo za ku Savoy zimasimbidwa kuti Edith Matthews ndiye anayambitsa kapotokoledwe kameneka. Ena amaponya mwendo, ena amatsetsereka, ena amaima duu kudikira kugunda kwina. Norma Miller, amene anayamba kuvina ali kamtsikana ku Harlem ndipo anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 99, mukamuona m'mafilimu akale simunganene kuti akungopita kumene akumukankhira.

Wotsatira amathanso kupempha nthawi. Tiyerekeze kuti woimba lipenga wakoka liwu lalitali ndipo wotsatira akufuna kulivina mpaka lithe. Amalimbitsa dzanja pang'ono, n'kukhazika kulemera kwake pansi, kusonyeza kuti sanakonzeke kunyamuka. Wotsogolera amene ali ndi makutu m'zala amamva, amasiya zimene amakonza, n'kumudikira, mwinanso kutengera sitepe ya mnzakeyo. Kwa kanthawi kameneko mipando yasinthana popanda kulengeza. Wotsogolera wosamva amangokoka pa 1 ngati belu la kusukulu, ndipo mayi uja amabwera, koma nyimbo yotsatira mudzamuona akuyang'ana kumbali.

Ndiye ntchito ya wotsogolera ndi chiyani, ngati si kulamula? Gawo lalikulu ndi kusankha msanga ndi kunena momveka. Uthenga uyenera kuperekedwa kugunda kusanafike, osati pa kugunda penipenipo, chifukwa mnzako akufunika nthawi yoti asunthe thupi. Kuzengereza ndi tchimo lalikulu kuposa kusankha sitepe yosavuta. Wotsogolera amene wayamba kukweza dzanja, wasintha maganizo, walitsitsa, walikwezanso, amamusiya mnzake pa mphambano. Gawo lina ndi maso. Wotsatira nthawi zambiri amatumizidwa kumene sakuonako, chammbuyo kapena akuzungulira. M'bwalo lodzaza, kumuponyera pa chidendene cha munthu wina ndi mlandu wa wotsogolera, ngakhale kuti wotsatira nayenso akaona ngozi kumbuyo kwa mnzake amamukanikiza pa phewa kuti aime. Ndipo gawo lomaliza, lomwe limasiyanitsa akatswiri ndi ife ena, ndi kumva nyimbo. Nyimbo zambiri za swing, mtundu wa jazz umene guleyu amavinira, zimamangidwa m'zigawo: kawerengedwe ka 8 kanayi kamapanga chigawo chimodzi, ndipo kumapeto kwa chigawo bandi imakonda kudula kapena kusiyira woimba ng'oma. Wotsogolera womvetsera amadziwa kuti kudulako kukubwera ndipo amasiya mpata. Wosamvetsera amapitiriza kutsanulira masitepe onse amene anaphunzira Lachiwiri, ngati wophunzira amene akulakatula ndakatulo yoloweza.

Zikalakwika, ndipo zimalakwika m'nyimbo iliyonse, ovina odziwa sakonza. Wotsogolera amafuna kuti mnzake azungulire kumanja, iye wazungulira kumanzere. Kumukokera kumene amafunako ndi kumene kumathyola mapewa. Chimene amachita n'kulandira zimene zachitikazo ngati kuti ndi zomwe anapempha, n'kupitirira pomwepo. Oonerera sadziwa n'komwe. Pali lamulo losalembedwa m'malo ambiri ovinira lakuti usaphunzitse mnzako pakati pa nyimbo pokhapokha atakupempha, kapena ngati akukupweteka. Mayi wa ku London uja anali ndi ufulu wonse chifukwa phewa linali lake.

Magule ena a banja la swing amagwiritsa ntchito mfundo zomwezi mosiyana pang'ono. Balboa, yomwe inakulira kummwera kwa California m'maholo odzaza anthu, ovina amagundana zifuwa ndipo uthenga umadutsa pamenepo, manja alibe ntchito yambiri. West Coast Swing, yomwe California inaisankha kukhala gule wa boma lake mu 1988, wotsatira amayenda mu kanjira kamodzi kowongoka, kupita ndi kubwera, ndipo sitepe iliyonse imathera pa anchor step, pamene amakhazikika kumbuyo kudikira kuitanidwanso. Kumeneko wotsatira amapatsidwa danga lalikulu kwambiri lotalikitsa sitepe mmene akufunira.

Pali chinthu chimodzi chimene sichitsogoleredwa mwa njira imeneyi: kuponyana m'mwamba. Manning ndi mnzake Frieda Washington ndiwo amadziwika kuti anayamba kuchita zimenezi pa mpikisano ku Savoy cha m'ma 1935, mkazi kugudubuzika pamsana pa mwamuna n'kutera pa kugunda kwa nyimbo. Anayeserera kunyumba kwa nthawi ndithu asanazionetse. Zimene gulu la Whitey's Lindy Hoppers linavina mu filimu ya Hellzapoppin' mu 1941, zomwe anthu amagawana kwambiri pa intaneti, zinali zokonzedwa ndi kuyesereredwa. Munthu amene waonera zimenezo pa YouTube n'kufuna kunyamula mlendo amene wangokumana naye m'bwalo akufuna kuvulaza mwana wa eni ake, ndipo malo ambiri ovinira amaletsa.

Mwina mwaona kuti ndakhala ndikusakaniza, pena kunena mwamuna ndi mkazi, pena wotsogolera ndi wotsatira. Mwambo wakale unali woti mwamuna atsogolere, ndipo mpaka lero ambiri amayamba choncho. Koma palibe chilichonse mu zimene ndafotokozazi chimene chimafuna ndevu. Ngakhale akale omwe, Al Minns ndi Leon James, amuna awiri a m'gulu la Whitey, anajambulidwa cha m'ma 1960 akuvina limodzi posonyeza mmene guleyu ankavinidwira, wina akutsatira. Masiku ano aphunzitsi ambiri amafunsa wophunzira mbali imene akufuna, ndipo masukulu ena amaphunzitsa aliyense mbali zonse ziwiri kuyambira tsiku loyamba. Mpikisano wa anthu ophatikizidwa mwamaere, umene kale unkangodziwika kuti Jack and Jill, m'malo ambiri tsopano amautcha Mix and Match pa chifukwa chomwechi. Ine maganizo anga ndi akuti wotsogolera aliyense azikakamizidwa kutsatira kwa mwezi umodzi. Tsiku limene munthu wina anandifinya zala n'kundizunguza dzanja ngati akupukusa chimanga pa chigayo chamanja, ndinakumbukira nkhope za anthu onse amene ndinawachita zomwezo.

Chodabwitsa n'chakuti a ku Savoy sankaphunzira zimenezi ndi manambala kapena ndi mawu ngati frame. Ankaonerera, ankatengera, ankavina usiku ndi usiku. Holoyo inatsekedwa mu 1958, guleyo anazilala, ndipo Manning anakagwira ntchito ku positi ofesi kwa zaka pafupifupi 30. M'zaka za m'ma 1980 achinyamata a ku Sweden, ku Britain ndi ku America anayamba kusakasaka akale aja. Minns anaitanidwa ku Stockholm mu 1984, ndipo mu 1986 Erin Stevens ndi Steven Mitchell a ku California anapeza Manning n'kumupempha kuti awaphunzitse. Mawu ambiri ofotokozera kutsogolera ndi kutsatira amene timagwiritsa ntchito lero anakula m'makalasi a nthawi imeneyo ndi pambuyo pake, pamene anthu ankayesa kuika m'mawu zimene matupi a nkhalambazo ankadziwa kale. Manning mwini wake ankakonda kuimba kamvekedwe ka sitepe ndi pakamwa kuposa kuwerenga, ndipo amuna ankawauza kuti amuone mnzawo ngati mfumukazi, amuweramire.

Anaphunzitsa mpaka atatsala pang'ono kumwalira mu 2009, kutangotsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 95. M'zaka zake zomaliza panali mwambo pa tsiku lake lobadwa, 26 May, woti avine ndi akazi ochuluka mofanana ndi zaka zake, motsatizana, bandi osaima. Mu 1999, ku Roseland Ballroom mu New York, anali akazi 85. Wina wamtali, wina wamfupi, wina katswiri, wina akunjenjemera ndi mantha, aliyense ndi kulemera kwake ndi kachedwedwe kake. Nkhalamba ya zaka 85 inali ndi masekondi ochepa kuti imve phazi limene mayiyo waimapo, imuchititse swingout, imumasule, n'kutambasula dzanja lamanzere kulandira wina.